Kwa eni loji amene mwaika chithunzi cha malemu mayi anga pa tsamba lanu

Akuluakulu a pa loji, ndayesa foni, ndayesa WhatsApp, ndafika ndekha pa geti panu kangapo konse. Lero ndalemba pagulu, mwina manyazi achita zimene ulemu walephera. Dzina la malo anu sindilitchula kaye. Mukudzidziwa, ndipo amene amayenda msewu wochoka pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay chikwangwani chanu amachiona.

Poti a manejala anu atsopano akuti m'mabuku mwanu dzina lathu mulibe, ndikukumbutseni.

Tinafika pa malo anu Loweruka pa 29 February 2020, n'kuchoka Lachiwiri pa 3 March, tsiku lokumbukira anthu ofera dziko lino. Tinali atatu: ine, achemwali anga ndi mayi athu. Achemwali ndi namwino ku Manchester. Kumeneko February ndi kumapeto kwa nyengo yozizira, munthu amapita kuntchito kuli mdima n'kuweruka kuli mdima, ndiye anati tchuthi chawo adzathere kwawo, aothe dzuwa lenileni. Kuno linali dzinja, koma masiku anayi amenewo mvula inatichitira chifundo. Kunacha bwino tsiku lililonse, nyanja ili phee, nkhwazi zikulira m'mitengo.

Mayi anakalamba akugula usipa kudoko, kuuyanika pa thandala n'kukagulitsa kumsika. Fizi yathu yonse inachokera m'dengu la usipa. Koma mu loji anali asanagonemo, monga mmene alili anthu ambiri a kuno, amene nyanja ya kutsogolo kwa maloji timangoionera pa mpanda. Titafika anayang'ana mchenga wosesedwa uja, n'kufunsa achemwali kuti, "Ndiye iwe walipira ndalama kuti ine ndione nyanja? Yomweyi ndatsukamo mbale moyo wanga wonse?" Madzulo mnyamata wanu woperekera zakudya anawabweretsera chambo chochotsa mutu ndi tchipisi. Anachibweza. Anati chambo chopanda mutu ndi cha odwala, awaphikire nsima ndipo mutuwo ubwere. Wophika wanu anatuluka kukhitchini akuseka kudzaona gogo wovutayo, ndipo kuyambira pamenepo ankawatcha "abwana aakulu". Lamulungu masana anakhala pa mpando pansi pa mgwalangwa, mapazi ali m'madzi, Fanta ali m'manja, duku litapendekeka. Mnyamata yemwe uja anawajambula ndi foni ya pa loji. Mukumbukire chithunzi chimenecho, ndibwererako.

Za kolona tinkangozionera pa TV ya ku bala kwanu, za ku Wuhan ndi ku Italy. Palibe amene ankazisamala. Nkhani inali m'kamwa mwa aliyense inali chigamulo cha khoti cha pa 3 February chothetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019. Wogulitsa mowa wanu mpaka anati kachilombo kameneko kakafika ku Mangochi kadzapsa ndi dzuwa kasanaoloke mlatho wa Bakili Muluzi. Tinaseka tonse, ngakhale achemwali amene ndi achipatala.

Lolemba madzulo pa 2 March tinagwirizana zobweranso mu August, mayi akamakwanitsa zaka 70, achemwali abwere ndi alamu ndi ana amene nyanja anali asanaionepo. A manejala a nthawi imeneyo anati August kumadzaza alendo, tisungitsiretu malo. Zipinda zinayi, masiku atatu, ndi ulendo wa boti. Tinapereka theka, K320,000, ndalama yowerenga pa tebulo. Lisiti ilipo, ya chidindo chanu, yolembedwa ndi bolopeni ya buluu.

Zotsatira zake mukuzidziwa ngati ine. Pa 20 March a Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Pa 23 March sukulu zinatsekedwa, ine mphunzitsi n'kukhala pakhomo, ndipo tsiku lomwelo ku UK a Boris Johnson analamula anthu kuti asatuluke m'nyumba. Pa 2 April odwala atatu oyamba anapezeka ku Lilongwe. M'bindikiro wa masiku 21 khoti linauletsa, komabe ndege za kunja zinali zitaima ndipo zinayambiranso mu September. Ulendo wa August unafa wokha. Panalibe wolakwa.

Ndinaimba foni mu June chaka chimenecho. A manejala anandiuza kuti alendo kulibe, antchito awatumiza kunyumba, ndalama yobweza palibe. Kenako anandilembera pa WhatsApp kuti ndalama yathu ili bwinobwino, tidzabwere nthawi ina iliyonse zinthu zikadzakhala m'malo. Uthengawo ndinausunga. Sindinakuvutitseni, chifukwa ndinkaona ndi maso anga. Mnyamata amene anajambula mayi uja ndinakumana naye pa boma akupalasa kabaza, masiki ili pachibwano, ndipo anakana kundilipiritsa. Ndikanayamba bwanji kulonjerera ndalama kwa anthu amene akulephera kulipira antchito awo?

Mayi anatisiya mu January 2021, mwezi umene mliri unalusa mpaka kutenga nduna ziwiri tsiku limodzi. Tinawaika mothamanga, anthu owerengeka, achemwali akuonera pa foni. Kunyanja kwanu kuja ndiye kunali komaliza kuonana mayi ndi mwana wawo.

Chaka chonsecho ndinalibe mtima wofunsa za ndalama. Ndinayamba mu 2022, ndipo apa m'pamene ndinadziwa kuti pa loji panu mawa sakwana. Abwana apita ku Blantyre. Wa akaunti ali ku maliro. Kolera wathamangitsa alendo. Namondwe wa Freddy watisokoneza. Mu 2024 munati nyanja yasefukira mpaka kulowa m'zipinda, ndipo ndinakhulupirira chifukwa maloji ambiri a m'mbali mwa nyanja anamiradi. Mavuto onsewo ndi enieni, sindikutsutsa. Koma pakati pa mavutowo panali Khirisimasi zingati zimene galimoto zinadzaza mpaka kumsewu? Ndimadutsa pamenepo pa minibasi, ndimaona. Mwamanga ndi kabala katsopano ka udzu.

Mwezi watha a manejala atsopano anandikhazika pa benchi ya pa geti, osandilowetsa n'komwe mu ofesi, n'kundiuza kuti malamulo a kampani amati dipoziti imatha mphamvu pakatha miyezi 12. Ndinawapatsa lisiti kuti andionetse pamene palembedwa zimenezo. Anaitembenuza uku ndi uku, kumbuyo kuli koyera. Ndinawaonetsa uthenga wa pa WhatsApp, iwo akuti amene analemba anachoka ntchito, iwo sizikuwakhudza. Pomaliza anati pondimvera chisoni andipatsa usiku umodzi, chipinda chimodzi, chakudya ndidzigulire ndekha.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pamene tinkakupatsani ndalama ija dola imodzi inali pafupifupi K740, ndiye kuti munalandira madola oposa 400. Kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kuigwetsanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Lero K320,000 yomweyo, ngakhale pa mtengo wa kubanki, sikwana madola 200. Mwagwiritsa ntchito ndalama yathu zaka zisanu popanda chiwongoladzanja, yasungunukira m'manja mwanu, ndipo yotsalayo mukuti inatha mphamvu. A banki nkhonde akumudzi, osapita kusukulu, sachita zotere.

Ngakhale zinali choncho ndikanakhalabe chete, ndikanangopitiriza kumabwera pa geti. Chandilembetsa ndi cha sabata yatha. Achemwali anandiimbira usiku ali pa ntchito, mawu osatuluka, akuti tsegula Facebook. Pa tsamba lanu pali mayi anga. Mpando uja, mgwalangwa uja, Fanta m'manja, duku lopendekeka. Pamwamba mwalemba kuti anthu abwere adzapume ngati agogo awa, pansi mwaika mitengo ya zipinda ndi nambala ya foni. Anthu akuyankha kuti agogo akudya moyo, ena akufunsa ngati mungawapatse moni. Simunatifunse. Simunafunse ngakhale zoti munthuyo ali moyo kapena ayi. M'mabuku mwanu akuti tinasowa, koma chithunzi chokha munachisunga bwino zaka zisanu osachitaya.

Chichotseni lero lomwe. Koma musanachifufute mu foni kapena mu kompyuta yanu, munditumizire chenichenicho, chopanda malemba anuwo. Ife tilibe. Zimene tinajambula tokha tsiku limenelo mayi anatembenuka, ndipo china chala changa chinatchinga. Chanucho ndi chokhacho chimene akuseka akuyang'ana kutsogolo, ndipo zidzukulu za ku Manchester zikuchifuna.

Za ndalama, zogona pa malo anu ife tinasiya kuzilakalaka, musationetsenso chipinda. Mutibwezere K320,000 yathu. Zoonjezerapo chifukwa cha kugwa kwa kwacha tingakambirane ngati anthu, sindine wovuta, mwaona nokha mmene ndadikirira. Koma zoti inatha mphamvu, ayi, mlandu suola. Mukapitiriza kuzemba ndikasiya nkhaniyi ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula, pamodzi ndi lisiti, uthenga wa pa WhatsApp ndi chithunzi cha tsamba lanulo, ndipo dzina la loji ndidzalilemba pompano ndi zilembo zazikulu.

Lachisanu ndikangoweruka kusukulu ndikwera minibasi, cha m'ma 3 koloko ndili pa geti. Muwauziretu alonda asadzanene kuti abwana achoka. Galimoto yawo ndimaidziwa, imaima pansi pa mlambe kuseri kwa khitchini.