Chipere si nyemba zilizonse zophwanyika

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za mawu oti chipere, omwe masiku ano ena akungowagwiritsa ntchito pa nyemba zilizonse zomwe zapsa mpaka kuphwanyika. Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, chipere ndi nyemba zochotsa makungu. Zamakungu ndi nyemba basi, ngakhale muzitakase bwanji.

Viikani makapu 2 a nyemba zouma usiku wonse. M'mawa zifikiseni m'manja, makungu ayandame, muwatsanulire kunja pamodzi ndi madziwo. Phikani pamoto wochepa ndi makapu 5 a madzi kwa ola limodzi kapena kuposerapo, ndipo thovu lobwera pamwamba muzilichotsa, apo ayi mphika usefukira. Zikafewa thirani mchere, anyezi ndi tomato, n'kutakasa ndi mthiko mpaka zisalale ngati phala.

Ambiri amalakwitsa pothira tomato msanga. Kuwawasa kwake kumalimbitsa nyemba, chipere n'kukhala cha mibulu. Chikayamba kulimba chimamatanso pansi pa mphika, choncho musasiye kutakasa, pakuti fungo lopserera silichoka. Nyemba zogonera, za chaka chatha, zimafuna kachidulo pang'ono kuti zifewe.

Wowerenga wanu,
Bembeke, Dedza