Kwa mwana wanga ku Ndirande

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza kuti masiku ano sukugona, nsima ukungoitola pang'ono nkusiya, ndipo akuti umanena kuti ife akale tinali olimba mtima, inu a masiku ano ndinu ofooka. Ayi mwana wanga, zimenezo zichotse mmutu.

Matenda a maganizo analipo kalekale, kungoti sitinkawatchula. Agogo ako atabwerako ku Wenela mu 1974, chaka chimene Kamuzu analetsa anthu kupita ku migodi ndege itagwa ku Francistown, ankangokhala duu pakhonde tsiku lonse, usiku kumadzidzimuka nkumakuwa, anthu nkumati awalodza, palibe ndi mmodzi yemwe anawafunsa kuti pansi pamgodi paja anaonako chani. Azimayi amene anathawa nkhondo ku Mozambique nkudzalowera pa Muloza zaka za m'ma 1980 ena ndinkawaona akulira okhaokha kumunda. Nanga nthawi ya Edzi ija, maliro sabata iliyonse, ana amasiye mbwee, ukuganiza mitu yathu inali bwinobwino? Ku Zomba Mental ankapita okhawo ovula pamsewu, ena onse ankangomira mu kachasu kapena kumenya akazi awo kunyumba basi.

Koma pali chimene chasintha ndipo chimandiopsa. Ife tinkavutika pagulu. Ku esiteti kapitawo akakudula makilo a tiyi, pobwerera mumadandaulirana njira yonse mpaka mtima kutsika musanafike pakhomo. Iwe uli wekha mchipinda cha lendi, foni mmanja mpaka tambala kulira, kuona anzako a ku Joni pa Facebook ajambulitsa pa galimoto, uku wakatapila akuimba, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 koma malipiro ako ali pompaja, nde munthu angapume bwanji. Kunonso chichitikireni Freddy mu March 2023, mvula ikangoyamba usiku ana ambiri sagona, amangomvetsera kuphiri ngati kukubwera madzi, akuluakulu omwe.

Apolisi akamalengeza za anthu odzipha, ambiri amakhala amuna, chifukwa tinakulerani ndi mawu oti mwamuna salira, mawu amenewa apha anthu ambiri. Ngati maganizo otero akukubwerera usandibisire, ndiimbire olo pakati pa usiku, foni ndimagona nayo kumutu. Lolemba upite ku Queens ukawauze madokotala zonse momwe ukumvera, osangoti mutu ukuwawa ayi, alipo anthu ophunzira za matenda amenewa ndipo mankhwala ake alipo. Kupemphera upemphere, koma kuchipatalako upite ndithu.

Za ngongoleyo ndayankhula kale ndi malume ako, nanazi tikagulitsa tiona pomwe tingayambire. Loweruka ukwere minibasi pa Limbe ubwere, ndikuphikira kalongonda.

Ndine mayi ako,
kuno ku Mulanje