Kafilimu koti makolo tionere

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiuzeko makolo anzanga za kafilimu ka ku Iran ka 1987, Where Is the Friend's House, ka Abbas Kiarostami. Mulibe mfuti olo magalimoto othamangitsana, ndi kamnyamata chabe katenga kope la mnzake mosadziwa, pomwe aphunzitsi ananeneratu kuti mnzakeyo akalembanso homuweki posakhala m'kope amuchotsa sukulu, ndiye kakuyenda mpaka mdima kusakasaka kwawo kwa mnzakeyo kumudzi wina.

Koma akuluakuluwo abale! Mayi ake sakumumvera nkomwe, agogo akungokamba zoti mwana amafuna chikwapu, chonsecho wodziwa chabwino ndi mwanayo. Ineyo manyazi anandigwira, wangayu ndimamudula ndi "khala chete" asanamalize kuyankhula.

Mayi wa ana awiri