Dandaulo pa masipeyala a injini ya V8 amene munanditumizira olakwika

Kwa a Manijala,

Bwana, ndaganiza zongolemba kalata chifukwa pa foni zikuoneka kuti sitikumvana, ndikaimba amayankha ndi munthu wina, mawa wina, ndiye nkhani ndimayambiranso pachiyambi ngati kuti ndine kasitomala wachilendo pomwe ndalama zanga munalandira kalekale ndipo lisiti ndili nalo.

Ine ndi uja ndikumanga galimoto kunyumba kwanga ku Chilomoni, Chevrolet pikapu yakale ya mtundu umene ankapanga kuyambira 1947 mpaka 1955. Anyamata anu a pa kauntala amaidziwa chifukwa zithunzi ndinawaonetsa, wina mpaka anati adzabwera kudzaiona ikadzalira. Ndinaipeza itagona pansi pa mtengo wa mango, matayala atamira mu dothi, pansi pa kabini pali mabowo oti mwana atha kudutsapo. Dzimbiri lonse ndadula ndekha, malata atsopano ndapinda ndekha ndi hamala pa chitsa, kuwotcherera ndimachita usiku ndikaweruka bola magetsi akhale alipo. Shasi ndaitsekera ma plate mkati kuti ilimbe poti injini yake yoyambirira inali ya masilinda 6 yofatsa, pomwe ine ndikuikamo V8, ya masilinda 8. Ndi zomwe anzathu ku America amati hot rod, anayamba anyamata a ku California m'zaka za m'ma 1930, ankatola ma Ford akale n'kuchotsa zolemera zonse n'kukathamangitsana pa nyanja zouma za mchipululu. Ndafotokoza zimenezi kuti mudziwe kuti simukuchita ndi munthu wongolota, bawuti iliyonse ya galimoto imeneyi yadutsa m'manja mwanga.

Oda yanga inali ya zinthu zinayi: kabureta, intake manifold (chitsulo chokhala pansi pa kabureta chimene chimapititsa mpweya ndi mafuta mu injini), flexplate (chimbale cha mano cha kumbuyo kwa injini chimene sitata imazunguza) ndi ma header a ekizozi (mapaipi otulutsa utsi mu injini). Kabureta yabwera bwinobwino, pamenepo ndilibe mawu. Zitatu zinazo zonse sizolowa.

Pa fomu yanu ija ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti injini ndi Chevrolet 350, ya malita 5.7, ya Vortec, yochokera mu thiraki ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndinatumizanso zithunzi za manambala a pa buloko ndi pa mahedi (zivindikiro za pamwamba pa masilinda) pa WhatsApp ya kampani yanu, mateki awiri a buluu akuonekabe mpaka lero. Ndiye munthu wanu pondiyankha dandaulo akuti "small-block ndi small-block basi bwana, zonse zimalowana." Ayi. Mawu amenewa ndi amene andipweteka kuposa katundu wolakwikayo, chifukwa akusonyeza kuti amene anaoda sanawerenge n'komwe zomwe ndinalemba.

N'zoona injini za Chevrolet za banja limeneli, lotchedwa small-block, zinayamba mu 1955 ndipo 350 inatuluka mu 1967, kunja zimafanana kwambiri moti ukaziona patali sungasiyanitse. Koma mahedi a Vortec amene anabwera mu 1996 amamanga manifold ndi mabawuti 8 olowa choongoka kuchokera pamwamba, pomwe mahedi akale amamanga ndi mabawuti 12 olowa chopendekeka, ndipo makomo olowera mpweya a Vortec ndi okwererapo. Manifold imene mwanditumizira ili ndi mabowo 12. Ndinangoikhazika pamwamba pa injini popanda gasiketi, palibe bowo ndi limodzi lomwe limene likuyang'anizana ndi linzake. Izi sizifuna digiri, mwana wa sitandade 2 atha kuwerenga mabowo.

Flexplate ndiye nkhani yaikulu. Mu 1986 anasintha silu ya kumbuyo kwa kirankishafti, kuchoka pa ya zidutswa ziwiri kupita pa yathunthu imodzi, ndipo posintha pamenepo mabawuti a kumbuyo kwa kiranki anayandikana, komanso kulemera kwina kumene kumapangitsa injini kuzungulira mosanjenjemera anakusamutsira pa flexplate. N'chifukwa chake ya injini ngati yangayi imakhala ndi kachitsulo kowotchereredwa mbali imodzi. Yanuyi ilibe kachitsuloko ndipo mabowo ake ndi otalikirana, ndi ya injini za 1985 kubwerera m'mbuyo. Nditanena izi pa foni ndinauzidwa kuti "kaboolitseni mabowo ena ku Ndirande, amakhoza anyamata aja." Kukhoza amakhoza, ine ndimawapatsa ntchito zambiri ndipo ndimawalemekeza, koma ngakhale mabowo atalowa injiniyo izigwedezeka, ma bearing azidyeka pang'onopang'ono, kenako tsiku lina ndili pa chitunda kiranki n'kugogoda. Ndiye adzalipire ndani? Injini imeneyi ndinaiphwasula yonse, ma ring ndinayeza mmodzimmodzi ndi fila geji, mabawuti onse ndinamanga ndi torque wrench yobwereka, sindingaiphe ndi dala chifukwa munthu wina waulesi sakufuna kudzaza fomu yobwezera katundu. Komanso malangizo oterewa mukuwapereka kwa anthu angati amene sadziwa? Wina angomvera, akaboole, injini ikafa muzidzati makaniko wake ndi mbuli.

Za ma header ndinachita kubwereza pakamwa ndili pa kauntala panu, ndinati galimoto yanga chiwongolero chili kumanja ngati magalimoto onse a kuno. Pa injini imeneyi sitata imakhalanso kumanja. Ku America zilibe vuto poti chiwongolero chawo chili kumanzere, koma kwa ife mbali imodzi yomweyo mukhale sitata, mudutse shafti ya chiwongolero, mudutsenso mapaipi a ekizozi, malo ake ndi ochepa moti dzanja limalowa movutikira. N'chifukwa chake ndinapempha ma header afupiafupi aja okumbatira buloko. Inu mwabweretsa ataliatali, okongola ndithu, owala ngati sefuliya yatsopano, koma paipi ya kumbuyo ikudutsa penipeni pomwe pali joini ya chiwongolero. Kuti alowe ndiye kuti ndiwaphwanye ndi hamala kapena ndisunthe chiwongolero chimene ndinachivutikira kuchikhazika kuti chisamagwire pokhota. Zonse ziwiri sindipanga.

Pano mukundiuza kuti katundu wochita kuoda mwapadera sabwezedwa, ndipo ngati mungandichitire chifundo ndiye mundidula ndalama chifukwa makatoni ndinatsegula. Nanga ndikanadziwa bwanji kuti muli zolakwika osatsegula? Ndipo lamulo lanulo ndikanalimvetsa zikanakhala kuti ine ndasintha maganizo, kapena ndinalemba nambala yolakwika. Koma chomwe ndinaoda sichinabwere. Yang'anani invoisi yanu yomwe, pamzere wa manifold palembedwa Vortec, pa katoni palembedwa zina. Kaya analakwitsa ndi a ku Johannesburg amene mumagulako, kaya ndi mnyamata wanu polemba oda, zimenezo mukakambirane nokha, ine ndinapangana ndi inu ndipo ndalama ndinapereka kwa inu, ya katundu, ya thiransipoti ndi ya msonkho wa pa boda yomwe.

Ndipo musaiwale mmene ndalama ikuvutira. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chochokera kunja mtengo wake umangothawa, ukafunsa lero sabata yamawa ndi wina. Ine si wabizinesi yaikulu, ndalama imeneyi ndinkaika pambali pang'onopang'ono, mayi akunyumba akundiyang'ana ndi diso lija loti chigalimoto chakocho chidzayenda liti. Ndiye mukandibwezera makwacha omwewo patapita miyezi ndiye kuti mwandibera ndithu, sangagulenso zinthu zomwezo. N'chifukwa chake chimene ndikufuna poyamba ndi katundu, osati ndalama.

Katundu wanu ali bwinobwino. Manifold sinapakidwe silikoni, flexplate sinamangidwe, ma header ndinawakulunga m'bulangete lakale kuti asakalike, mapepala onse ali m'makatoni mwake. Tumizani munthu adzatenge, kapena ndiuzeni tsiku ndibweretse ku shopu kwanu koma pakhale munthu woti asaine kuti walandira. Mundiodere manifold ya mabawuti 8 ya kabureta, flexplate ya silu imodzi yokhala ndi kachitsulo kake, ya mano 168 kuti igwirizane ndi sitata imene ndili nayo, ndi ma header afupi. Musanalipire kumeneko munditumizire kaye manambala ndi zithunzi ndione ndekha. Thiransipoti ndi msonkho wa ulendo uno ndi zanu, ine ndinalipira kale kamodzi. Ngati mukuona kuti simungathe, nenani poyera ndipo mundibwezere ndalama molingana ndi mtengo wa katunduyo lero, osadula kalikonse.

Ndikupatsani masiku 14 kuchokera tsiku limene mwalandira kalatayi, ndipo yankho likhale lolemba, za pa foni ndatopa nazo. Akadutsa masikuwo muli chete ndikasiya nkhaniyi ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma lomva madandaulo a ogula, pamodzi ndi lisiti, invoisi, zithunzi ndi mauthenga onse a pa WhatsApp, kuphatikizapo voisi ija yonena zokaboolitsa mabowo.

Ndine kasitomala wanu,
wa Chevrolet pikapu ya ku Chilomoni