Usasiye jombo zija mwana wanga

Mwana wanga,

Mayi ako andiuza kuti yatha sabata yachiwiri jombo zija zili pansi pa bedi, akuti miyendo ikuphwanya ndiye za Kilimanjaro wagwa nazo ulesi. Ndati ndichite kulemba chifukwa pafoni umangoti "eya adadi" nkhani n'kuthera pomwepo.

Kutopako sindikutsutsa ayi. Kudzuka 4 koloko chikwama kumsana, kukwera Michiru kenako n'kuthamangira kuntchito, thupi lililonse lingadandaule. Koma iweyo ukukwera ngati akukuthamangitsa, tsiku lililonse ukufuna upose taimu ya dzulo pa wotchi yakoyo, ndiye mtima ulekerenji kutha. Ine nthawi ija ndinkanyamula katundu wa alendo ku Mulanje kuchokera pa Likhubula, anyamata oyamba ndi liwiro ndi amene tinkawapeza atakhala pamwala akupumira m'mwamba, ife tikungodutsa ndi katundu wathu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sapitwa, nsonga ya Mulanje, ndi mamita 3,002, iwe ku Kilimanjaro ukufuna 5,895. Kumtunda kumeneko ukapuma, mpweya umene umalowa m'thupi umakhala pafupifupi theka la umene umapeza m'mphepete mwa nyanja yamchere, mutu umawawa, nseru, chakudya osachifuna, ndipo zimenezi sizisankha kuti uyu ndi wamajimu. N'chifukwa chake anzathu a ku Tanzania amangoti pole pole, kutanthauza pang'onopang'ono, njira yonse. Tsiku lomaliza mumanyamuka pa msasa wa Barafu pakati pa usiku, tochi pachipumi, kuzizira kolowa m'mafupa, kuyenda mpaka kucha. Nthawi imeneyo palibe amene amakhala ndi chilakolako, imakufikitsa pansonga ya Uhuru ndi miyendo imene inazolowera kuyenda mtima ukukana. Ndiye m'mawa umene wadzuka usakufunawo ndi umene ukukuphunzitsa zenizeni, usamauthawe.

Wotchiyo uziyisiya kunyumba. Loweruka uziyenda maola asanu kapena asanu ndi limodzi pang'onopang'ono, liwiro loti ungathe kucheza ndi mnzako osabanika, ndipo mnzakoyo umupezedi, munthu akamakudikira pageti sugonanso. Mkati mwa sabata zifupikitse, masiku awiri uzipumiratu osadziimba mlandu. Nsima uzidya yokwanira, madzi uzimwa usanamve ludzu. Kuphwanya kwa minofu kumatha kokha koma bondo likatupa kapena likamabaya potsika usalimbe mtima, pita akakuone kuchipatala, ine langa lamanzere ndinkalinyalanyaza lero ukuona mmene ndimayendera.

Mwezi wamawa bwera kuno tikwere limodzi Mulanje mpaka pa Chambe tikagone, chiperoni chikatilola. Sapitwa sindingafikenso koma pa Chambe ndiyesetsa, ndikufuna ndione ndi maso anga mmene ukupondera. Undiuze Loweruka lake kuti mayi ako akazingiretu mtedza wa panjira.

Ndine bambo ako.