Mbale zakale za David Bowie sizilira mofanana

A Mkonzi,

Tikupempha eni mbale za galamafoni kuno ku Thyolo kuti asamafulumire kutaya mbale poganiza kuti zatha. Chimbale chimodzi, monga Ziggy Stardust cha mu 1972 cha woimba wa ku England David Bowie, chinadindidwa kambirimbiri m'mayiko osiyanasiyana, ndipo kamvekedwe kake kamasiyana. Yang'anani manambala olembedwa pamalo osalala pafupi ndi lebulo: ndi amene amaonetsa chidindo chomwe chinagwiritsidwa ntchito. Mbale za kampani ya nyimbo ya RCA zodindidwa ku America m'zaka zimenezo, zotchedwa Dynaflex, n'zopyapyala ndipo sizichedwa kupindika zikakhala pamalo otentha.

Poyerekeza mbale ziwiri, imbani nyimbo imodzimodzi pa makina amodzi, voliyumu yofanana, chifukwa khutu limakonda yokweza. Mvetserani kwambiri nyimbo yomaliza ya mbali iliyonse. Singano ikayandikira pakati, mawu a "s" amakanda ngati singanoyo yatha kapena sinakhale bwino. Singano zambiri zimafuna kulemera kwa magalamu pafupifupi 2. Kuika khobidi pamwamba pa singano kuti ilemere, monga ambiri amachitira, kumadya mizere.

Mdani wamkulu kuno ndi chinyezi cha chiperoni. Nkhungu imamera m'mizere n'kumathetheka. Pukutani mbale ndi kansalu kofewa motsatira mizere, muumitse pamthunzi, ndipo muziimike, osazisanjikiza.

Okonda mbale zakale,
Luchenza, Thyolo