Buku la moyo silikhala m'thumba la jekete ya mlaliki

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndinene nkhani imene yandikhala pakhosi kuyambira mwezi wa June, pamene tinaika m'manda mwana wa mlongo wanga kumudzi kwathu, cha kumsewu wa ku Chadiza. Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, mkulu wa mpingo, ndipo kubanja kwathu mwinimbumba ndine. Choncho maliro amenewa anali pamutu panga.

Mnyamatayo anali ndi zaka 29. Ankanyamula anthu panjinga yamoto kuchokera ku Kapata kupita ku Mwami, nthawi zina mpaka usiku. Sindimuyeretsa pano ayi. Mowa ankamwa, kutchalitchi anasiya kalekale. Galimoto inamugunda madzulo ena, ndipo anatsirizika m'mawa mwake kuchipatala osalankhulanso ndi munthu.

Usiku umene tinagona pasiwa, azibambo tili pamoto, nkhani inafika pa za chipulumutso monga zimakhalira. Bambo wina, wodziwa Baibulo ndithu, anati: "Akanakhala wosankhidwa, Mulungu akanamubweza asanafe. Nkhosa yeniyeni sifera kutchire." Anatchula Yakobo ndi Esau, natchula ndime yake ya pa Aroma 9 osaphonya. Anaiwala kuti pakati pa moto wa azibambo ndi nyumba ya siwa panali mpanda wa udzu wokha. M'mawa mwake kumanda, mlaliki wachinyamata amene anabwera ndi anzake a malemu anapempha mphindi zisanu. Tinamupatsa. Iye anati Mulungu anaponya voti yakuti mnyamatayo apulumuke, Satana anaponya yakuti atayike, yotsiriza inali m'manja mwa mwiniwake ndipo anaiponya molakwika. Kenaka anauza anthu kuti akweze manja, adzukulu ali chiimire ndi mafosholo awo.

Anthu awiriwa akanakumana akanatsutsana mpaka nkhuku kulira. Wina akuti zonse ndi Mulungu, wina akuti zili kwa munthu. Koma pa mwana wathuyu anagwirizana bwinobwino kuti ali kumoto, ndipo aliyense ananena ngati wachita kumuona.

Patapita masiku atatu ndinapeza mlongo wanga pakhonde akuswa nsawa. Osandiyang'ana anati: "Alongo, inu Buku mumalidziwa. Ndiye kuti mwana wanga uja Mulungu anamuda ali m'mimba mwanga? Miyezi yonse ija ndinkanyamula wa kumoto?" Zaka zonse zimene ndaphunzitsa kalasi ya ubatizo palibe mwana anandifunsapo funso lolemera chotero.

Ndinene mbali imene ndili, kuti wina asati ndikubisala. Ndinabadwira mu Reformed Church in Zambia, mpingo umene unayambira pa Magwero m'chaka cha 1899 pamene amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State anafika m'dziko la Mpezeni. Agogo anga ankayenda wapansi kukamva Mawu ku Madzimoyo. Chiphunzitso chakuti Mulungu ndiye amayamba kumufuna munthu, ndi kuti palibe amene amadzipulumutsa ndi ntchito zake, ndinachiyamwa ndipo sindinachitaye. Aefeso 2 amati chipulumutso ndi mphatso, kuti wina asadzitamande. Ndikayang'ana moyo wanga sindiona nzeru imene ndinapambana nayo anzanga amene tinkasewera nawo kudambo. Ndikanasiyidwa ndekha, bwenzi ndili kwina. Choncho bambo wa pamoto uja ndi wa kwathu m'chikhulupiriro, ndipo n'chifukwa chake mawu ake anandiwawa kuposa a mnyamata wa kumanda.

Mkangano wa kusankhidwa ndi ufulu wa munthu sunayambe ndi mawailesi athu a kuno, kumene anthu amaimba foni usiku n'kumaponyerana mavesi. Unabuka zaka zoposa 1,600 zapitazo, ndipo amene anauyambitsa mwamphamvu anali wa mu Africa muno. Augustine anali bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria. Anatsutsana ndi Pelagius, wochokera ku Britain, amene ankadandaula kuti Akhristu achita ulesi ndipo ankaphunzitsa kuti munthu ali ndi mphamvu yomvera Mulungu ngati atafuna. Augustine anati mtima wa munthu ndi wodwala, sungafune chabwino pokhapokha chisomo chitauchiritsa. Msonkhano wa ku Carthage wa 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius. Koma mlandu suola. Unadzukanso pakati pa Erasmus ndi Martin Luther mu 1524 ndi 1525, unadzukanso ku Netherlands, ndipo kumeneko ndi kumene ndikufuna tiime pang'ono, chifukwa ndiko kunachokera zimene mpingo wanga umavomereza.

Jacobus Arminius anali mphunzitsi wa zaumulungu ku Leiden. Anamwalira mu 1609, ndipo chaka chotsatira omutsatira analemba mfundo zisanu. Mwa zina anati Mulungu amasankha amene anawaoneratu kuti adzakhulupirira, Khristu anafera anthu onse, ndipo munthu angathe kuchikana chisomo. Dziko linagawanika, nkhani inalowa ndale. Sinodi inakhala mumzinda wa Dordrecht kuchokera mu November 1618 kufika mu May 1619, nikana mfundo zisanu zija. Abusa ambiri a mbali ya Arminius anachotsedwa ntchito, ena anathamangitsidwa m'dziko. Nduna yaikulu imene inkawateteza, Johan van Oldenbarnevelt, nkhalamba ya zaka 71, inadulidwa mutu m'mwezi womwewo wa May. Sindinyadira zimenezo, ndipo ife a Reformed tisamazibise pophunzitsa ana.

Koma werengani zimene anthu ouma mitu a m'sinodi ija analemba m'zigamulo zawo, zotchedwa Canons of Dort. Ndinazitenganso pashelefu nditachoka pakhonde la mlongo wanga. M'mutu woyamba, ndime 14, akuti chiphunzitso cha kusankhidwa chiziphunzitsidwa mosamala, pa nthawi yake ndi pamalo pake, popanda kusuzumira m'njira zobisika za Wam'mwambamwamba, ndipo cholinga chake chikhale kutonthoza anthu a Mulungu. Ndime 16 ikuti munthu amene sakumva chikhulupiriro chamoyo mwa iye asachite mantha akamva za otayidwa, ndipo asadziwerengere m'gulu lawo. Ndime 17 ikuti makolo okhulupirira amene mwana wawo wamwalira ali khanda asakayike za chipulumutso chake. Kwinanso akuti amene sanaitanidwebe tiziwapempherera, tisamawanyadire ngati kuti tinadzisiyanitsa tokha.

Ndikudziwa, mwana wathu sanali khanda, ndipo ndime 17 sindingaikokere pa iye. Chimene ndikuonetsa n'chakuti ngakhale akuluakulu a ku Dordrecht, amene anali okonzeka kuchotsa anzawo ntchito chifukwa cha nkhaniyi, anakumbukira mayi wolira. Sanapatse mkulu wa mpingo aliyense mndandanda wa maina. Ambiri kuno timaganiza za kusankhidwa ngati mndandanda wa olandira fetereza kukopaletivu, umene umamatidwa pakhoma, wina n'kuwerenga mokweza kuti uyu alipo, uyu palibe. Wa Mulungu sunamatidwe pakhoma lililonse. Deuteronomo 29:29 amati zinsinsi n'za Yehova, zovumbuluka ndiye zathu ndi ana athu. Bambo wa pamoto anaona mowa ndi mpando wopanda munthu m'tchalitchi, n'kuwerenga dzina m'buku limene sanalitsegulepo. Kunena zoona anagwa m'dzenje lomwe amanenera anzake, chifukwa anayeza chisomo ndi ntchito za munthu.

Ndipo Aroma 9 amene anatchula uja sayamba ndi Esau. Amayamba ndi Paulo akunena kuti ali ndi chisoni chachikulu ndi kupweteka kosaleka mumtima chifukwa cha abale ake, mpaka kulakalaka kuti iye mwini atembereredwe m'malo mwawo. Pamoto paja ndinamva mavesi, koma chisoni chimenecho sindinachimve.

Mnyamata wa kumanda sindimukwiyira kwambiri. Ndi wamng'ono, ndipo anaona anzake a malemu ambirimbiri ataima ndi njinga zawo, mtima unamutentha. Kuitanira anthu kwa Khristu si tchimo. Yoswa anauza anthu kuti asankhe amene adzamutumikira, ndipo 1 Timoteo 2:4 amati Mulungu afuna anthu onse apulumuke. Mavesi amenewa ife a Reformed timawadutsa mothamanga ngati njira ya kumanda usiku, ndipo si bwino. Koma nkhani ya mavoti ija ngakhale John Wesley, tate wa a Methodist, amene anali wa mbali ya Arminius, sakanaivomera. Iye sankaika Mulungu ndi Satana pa sikelo imodzi. Ankaphunzitsa kuti chisomo chimatsogola, chimafika kwa munthu iye asanachifune, ndipo ndi chimene chimamupatsa mphamvu yoti avomere. Nanga ngati zili kwa munthu kuvomera, mlalikiyo anadziwa bwanji zimene zinachitika pakati pa msewu ndi chipatala? Usiku wonse uja mwanayo ankapuma. Wachifwamba wa pa Luka 23 sanalowe kalasi, sanabatizidwe, sanakweze dzanja popeza linali lokhomedwa. Sindikunena kuti mwana wathu anatero. Ndikunena kuti amene analipo mumtima mwake usiku umenewo ndi Mmodzi yekha, ndipo sanatume munthu kudzatiuza.

Wesley yemweyo anakangana kwambiri ndi mnzake George Whitefield pa nkhani ya kusankhidwa, mpaka otsatira awo anagawanika. Whitefield atamwalira mu 1770, amene analalikira pomukumbukira ku London anali Wesley, monga mwiniwake anafunira. Kuno kwathu, United Church of Zambia itapangidwa mu 1965, zidzukulu za Wesley zinalowa m'nyumba imodzi ndi zidzukulu za John Calvin, mphunzitsi wamkulu wa chiphunzitso cha Reformed, ndipo denga silinagwe. Anzathu a Katolika nawo anali ndi mkangano wawo pakati pa a Dominican ndi a Jesuit pa za chisomo ndi ufulu wa munthu. Atamvetsera kwa zaka zambiri, Papa Paul V mu 1607 anangolamula kuti mbali iliyonse isamatchule inzake kuti ndi yampatuko. Mu 1999 ku Augsburg, Akatolika ndi a Lutheran anasainirana chikalata chovomereza kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, mwa kukhulupirira ntchito ya Khristu, ndipo bungwe la mipingo ya Reformed padziko lonse linadzalowamo mu 2017. Sikuti kusiyana kunatha. Koma ngati anthu amene anathera moyo wawo wonse pa Chigiriki ndi Chilatini anafika poopa kuweruzana, ife a pamoto wa pasiwa changu chathu tikuchitenga kuti?

Pali chinanso chimene ndinamva pamaliro paja, chochokera kwa anzake a malemu: "Zinalembedwa, tsiku lake linakwana." Mawu amenewa amamveka achikhristu, koma kawirikawiri ndi bulangete lofunditsa mowa ndi chipewa chachitsulo chimene chinatsala kunyumba. Afilipi 2:12 ndi 13 amaika zinthu ziwiri pamodzi popanda kupepesa: gwirani ntchito ya chipulumutso chanu ndi mantha, pakuti wochita mwa inu ndi Mulungu. Mlimi wa ku Chiparamba amadziwa kuti mvula si yake, komabe November sapeza khasu lake lili padenga. Anyamata inu, valani zipewa, ndipo mukamwa musakwere.

Tsopano ndinene changa, chifukwa si chilungamo kuloza anzanga okha. Tsiku limene bwalo la mpingo linamudula mnyamatayu ku mgonero zaka zisanu zapitazo, ine ndinali pampando pomwepo. Ndinavomereza, ndipo mpaka lero ndikuti chigamulo chinali choyenera. Koma kudula munthu cholinga chake n'chakuti abwerere, ndipo wina amayenera kumulondola. Ine, atsibweni ake, ndinkadutsa pa siteji yawo ku Kapata mwezi ndi mwezi popita kukatenga penshoni. Ankandinyamula ulele, ine n'kumamufunsa za mtengo wa petulo. Mumtima ndinkati ngati ndi wa Mulungu adzabwera yekha. Mukuona, Akonzi, chiphunzitso chomwe chija chinasanduka mtsamiro wanga. Bambo wa pamoto anangonena mokweza zimene ine ndinakhala ndikuchita mwakachetechete.

Pempho langa kwa abusa, alaliki, akulu a mpingo ndi amayi a Chigwirizano a m'chigawo chino cha Kum'mawa n'lochepa. Nkhani ya kusankhidwa ndi ufulu wa munthu tiziikamba, ndipo tiziikamba mozama, m'kalasi, m'maphunziro a Baibulo, ngakhale pawailesi. Ndine wokonzeka kukhala pansi ndi mlaliki wachinyamata uja, Baibulo lake ndi langa, tiyi ndigula ine. Koma pamaliro lalikirani kwa amoyo za Khristu, wakufayo musiyeni m'manja mwa amene anamulenga. Musamulowetse kumwamba ndi mawu okoma pamene simukudziwa, musamuponyenso kumoto. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo amene wabwera ndi chigamulo m'thumba sanabwere kudzalira.

Mlongo wanga sindinamuyankhe tsiku lomwelo. Ndinabwerako Lachisanu. Ndinamuuza kuti kumene mwana ali sindingamuuze, ndipo aliyense amene akuti akudziwa akunama. Ndinamuwerengera Yohane 6:37, pamene Yesu akuti wodza kwa Iye sadzamutaya kunja, ndi Genesis 18:25, pamene Abrahamu akufunsa ngati Woweruza wa dziko lonse sadzachita zoyenera. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati: "Anabatizidwa ali ndi miyezi itatu, munamunyamula ndinu." Ndinati ndikukumbukira. Anandipatsa lichero kuti ndimuthandize nsawa zija, ndipo tinaswa mpaka dzuwa kulowa.

Ine wanu,
Mkulu wa mpingo,
Chipata